Kapu ya Madzi pa Injini

Mpaka lero sinditha kukwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, n'kukhala chete ngati anzanga. Ena amakambirana za mitengo ya nandolo, ena amawodzera, koma ine khutu limakhala ku injini. Dalaivala akangoima kudikira anthu, injini ikulira yokha, ndimayamba kumva zonse: iyi ikudumpha moto, iyi ikuba mpweya, iyi mphira wake watha. Nthawi zina pakamwa pamandiyabwa ndipo ndimamuuza. Ambiri amandiyang'ana ngati ndawatukwanira makolo. Matenda amenewa ndinawatenga ku Joni kwa munthu wina wogontha, ndipo kwa zaka zambiri ndinkanyada nawo. Ndinkati palibe chinthu chonjenjemera chimene chingandidutse ine osachiona.

Ndinachoka ku Majaua ndili ndi ana awiri, Tomasi ndi Lusiya. Ndinali mkamwini, ndipo munda umene tinkalima unali wa kuchikazi. Ife amene tinakulira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa Ruo tinabwerera kwathu ndi mabulangete ndi mapoto basi, ndiye munthu ukakwatira unkalowa pamudzi wa eni uli manja lende. Zinkandiwawa. Ndinauza mkazi wanga Rozalina kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha, ndikapeze za malata ndi njinga, ndibwerere. Iye ankakazinga chimanga cha kamba wanga ndipo sanatembenuke n'komwe. Anangoti, “Onse amatero.”

Ndinadutsa pa Muloza, kukagona ku Limbe, kenako Mwanza, Tete, mpaka kumtsinje waukulu uja wa kumalire a Joni. Za ulendowo sindikumbukira zambiri kupatula ludzu ndi fungo la mapazi a anthu. Kumene ndinafikira kunali kachisakasa kamalata kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo tinkagonamo anayi: ine, anyamata awiri apachibale a ku Thyolo, ndi bambo wina wa ku Gurue amene ankalima maluwa kwa azungu. Mbaula inali imodzi, poto mmodzi. Nyengo yozizira madzi ankauma m'ndowa. Wina ntchito ikamuthera, otsalawo tinkangowonjezera madzi m'ndiwo, osamufunsa kanthu. Ndinakumbako ngalande, ndinasenzako njerwa, kenako ndinayamba kutsuka maminibasi pamalo pamene ankaimikapo.

Pafupi ndi malowo panali galaja ya a Sumaili. Kunena kuti galaja n'kuilemekeza. Inali mitengo inayi, malata asanu ndi limodzi, dzenje lokonzeramo, ndi bokosi lachitsulo la zipangizo. A Sumaili anali Myao wa ku Mangochi, wamfupi, wa imvi mpaka m'nsidze. Anagwira ntchito mumgodi pamakina oboola miyala mpaka makutu anafa. Lakumanja linali litatheratu, lakumanzere linkamva ukakuwa pafupi. Poyankhula ankafuula ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje, ndipo aliyense, ngakhale wapolisi, anali “achimwene.”

Chinandikoka n'chakuti munthu wosamva ndiye amene madalaivala onse ankamubweretsera injini zolira moipa. Tsiku lina ndinasiya ndowa yanga n'kukaima chapafupi. Inabwera minibasi imene ikaima inkanjenjemera mpaka magalasi oonera kumbuyo ankavina. Mwini wake ankalongosola ndi manja ndi miyendo yomwe, koma a Sumaili sanamuyang'ane. Anatenga kapu yachitsulo imene ankamwera tiyi, kuthiramo madzi, n'kuikhazika pamwamba pa injini. Anayang'ana madziwo kanthawi. Kenako anainyamula n'kukaikhazika m'kati, patsogolo pa chiwongolero, n'kuyang'ananso. Atatero anandiona.

“Achimwene! Mwabwera kudzaonera kanema? Gwirani nyale iyi!”

Ndinagwira nyale ija zaka khumi ndi zitatu.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa chinali chakuti galimoto ikamathamanga ndi yabodza. “Pamsewu iliyonse ndi yabwino!” ankafuula choncho. “Mphepo, matayala, wailesi, zonse zimaibisira. Iimitseni, chotsani phazi pamoto, muisiye ilire yokha. Pamenepo ndi pamene imanena zoona!” Kwathu kuno amakaniko amati injini ili pa ralenti. Iwo ankangoti yaima.

Za kapu zinali chonchi. Madzi akamachita timafunde tofanana, injini ili bwino. Akamachita timafunde kenako n'kudumpha, timafunde n'kudumphanso, ndiye kuti silinda ina sikuyaka bwino. Koma ngati pa injini madzi ali mwadongosolo, ndipo ukaika kapu m'kati mwa galimoto akugwedezeka chimodzimodzi, vuto si la moto ayi. Ndi mphira umene injini imakhalira, uja timati mauntini. Ntchito yake ndi kumeza kunjenjemera konse kuti okhala m'kati asamve. Ukang'ambika, zonse zimafika pamsana pa dalaivala. A Sumaili ankati mphira umenewu palibe amaukumbuka mpaka tsiku limene watha.

Analinso ndi njira zina. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira n'kuchiluma ndi mano, ndipo ankamva kudzera m'nsagwada zimene ife amakutu tinkalephera. Ankaika kapepala kukamwa kwa ekizozi, ndipo kakamayamwidwa m'kati m'malo mouluzika, ankapukusa mutu n'kunena kuti valavu yapsa. Koma imene inandikhala kwambiri m'mutu inali yozula mawaya a mapulagi. Injini ikulira, umazula waya umodzi. Ikatsokomola n'kufuna kuzima, silinda imeneyo ndi yamoyo, ndiye umabwezera. Umazula wina, chimodzimodzi. Ukafika pa imene wazula koma injini osasintha kaliridwe, wapeza wakuba.

“Imeneyo inafa kalekale!” ankatero a Sumaili. “Anzake anazolowera kuyenda popanda iyo!”

Ndinalakwitsapo, ndipo kulakwitsa kwake sindidzakuiwala. A Sumaili anapita kumzikiti Lachisanu lina n'kundisiya ndekha. Anabwera mayi wina, mphunzitsi, ndi kagalimoto kofiira kamene kankanjenjemera pamaloboti mpaka kuzima. Ine ndinkafunitsitsa kuonetsa kuti ndine makaniko. Kapu sindinaikhudze n'komwe. Ndinamutuma akagule mapulagi anayi, mawaya ake, ndi koyilo. Ndinamanga zonse, n'kuliza. Kagalimoto kanapitiriza kuvina ngati kale. Manyazi atandigwira, ndinapotoza kasikulu kokwezera moto kuti injini izilira mokwera, ndipo kunjenjemera kuja kunabisika. Mayi uja anali akutsegula kachikwama kake pamene a Sumaili anatulukira.

Anaika dzanja pa boneti, n'kundiyang'ana. Anatsitsa moto uja kubwerera pamalo pake. Kenako anayendetsa chikhatho pang'onopang'ono pamwamba pa timapaipi ta mpweya, mpaka anaima pa kena kotalika ngati chala, kamene kanali ndi mng'alu kunsi kwake. Anakatseka ndi chala chachikulu, ndipo injini inakhazikika pomwepo.

“Achimwene! Kukweza moto si kukonza! N'kuuza wodwala kuti azithamanga kuti asaoneke kuti akutsimphina!”

Anandimasulitsa zonse zatsopano zija, kubwezera zakale, n'kundituma ndikabweze kusitolo pamaso pa mayi uja. Ndinayenda ulendowo ndikutukwana chamumtima m'zilankhulo zitatu. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinagulitsenso munthu chitsulo ndisanadziwe chimene chavuta. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula langa ndinadyera pagulu.

Masiku oipa analipo. Mapepala anga anatha, ndipo sindinathe kuwakonzanso. Apolisi akamazungulira, a Sumaili ankandikankhira m'dzenje, n'kuimika galimoto pamwamba, iwo n'kumayankha mafunso onse ndi “Ee? Mwati chiyani, achimwene?” mpaka apolisiwo atatopa. Chaka china anthu a komweko anatiukira ife obwera, kuotcha tizisakasa ndi kuthyola timasitolo. Mmodzi wa anyamata a ku Thyolo aja anamuthyola nthiti. Madalaivala a maminibasi, amene ena mwa iwo ankatitukwana tsiku ndi tsiku, ndi amene anaimika magalimoto awo mozungulira galaja yathu masiku atatu. Sikuti ankatikonda. Ankadziwa kuti a Sumaili akathawa, palibe wina angawakonzere pamtengo umenewo.

Kumudzi ndinapitako kawiri zaka zoyambirira. Mapepala atatha ndinaleka, poopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Ndalama ndinkatumiza, pamenepo palibe angandinene. Malata anagulidwa, njinga inagulidwa, Lusiya anaphunzira mpaka ku Mocuba. Rozalina anayamba kugula nandolo ndi nyemba m'midzi n'kumakagulitsa ku vila, tawuni ya Milange, ndipo patapita zaka anaphatikiza zake ndi zanga n'kugula kapikapu kakale, Tomasi n'kukhala dalaivala wake. Zonsezi ndinkazimva pafoni Lamulungu masana. Ndikafunsa kuti muli bwanji, yankho linali limodzi: “Tili bwino, bambo a Tomasi. Inu kumeneko?” Kale tinkaonana nkhope pafonipo, koma zaka zitatu zomaliza anati kamera inawonongeka. Ndinatumiza foni ina. Anati nayonso ikuvuta. Ndinaganiza kuti ndi netiweki ya ku Majaua, ndipo sindinafunsenso.

A Sumaili anakalamba ndikuwaona. Manja anayamba kulephera kumasula mabawuti, maso anachita khungu. Madzulo ena tikutsuka manja ndi petulo anandiuza kuti mwana wa mlongo wawo akubwera kudzawatenga. Iwo anali mtchona weniweni. Mkazi wawo anamwalira ku Mangochi iwo ali pansi pa mgodi, ndipo uthenga unawapeza maliro ataikidwa kale.

“Galaja iyi ndi yanu, achimwene! Bokosi, dzenje, makasitomala, zonse! Koma pitani kaye kwanu mwezi umodzi mukaone. Mukabwera mudzatenge makiyi!”

Anandithandiza kukonza mapepala a ulendo, ndipo ndinanyamuka. M'chikwama ndinaikamo nsalu, nsapato, masipanala angapo, ndi nkhani imene ndinali nditaikonza kale: ndikaona anthu, ndikadya nkhuku, ndibwerere kukakhala mwini galaja.

Ndinafika ku Majaua masana, pa njinga yamoto yochokera ku vila. Nyumba ndinaizindikira chifukwa cha mtengo wa mango wokha. Tomasi anali bambo wandevu, ali ndi mkazi wake Felista ndi kamwana kamene kanathawa kulowa m'nyumba katandiona. Ukwati wake anayendetsa ndi atsibweni ake, alamu anga a Bonifasiyo, monga mwa mwambo, ndipo ine ndinangouzidwa pafoni. Rozalina anatuluka kukhitchini atanyamula lichero ndi manja awiri. Anagwada pang'ono, n'kundilonjera bwinobwino, koma dzanja sanandipatse. Anati ali ndi ufa m'manja, n'kubwerera kukhitchini.

Masabata atatu anatha choncho. Madzi osamba m'manja ankandithirira ndi Felista. Chakudya ankabweretsa ndi Felista. Rozalina sankakhala pansi. Ndikadzuka ndinkamupeza akusesa, akamaliza ankapeta nandolo, akamaliza ankatsuka mbale zotsuka kale, kenako ankapita kudimba. Ndikamuitana kuti tikhale pakhonde ticheze, ankati, “Ndikubwera,” ndipo ankabweradi, koma ataima, ali ndi kanthu m'manja kokhula kapena kosenda. Tikakhala kutchalitchi ankakhala kwa amayi anzake, atafunda nsalu mpaka m'manja ngakhale kunja kukutentha. Kuchipinda anati anazolowera kugona ndi mdzukulu.

Zinandipweteka, ndisaname. Ndinakwiya. Ndinkakhala pansi pa mango uja ngati mlendo wodikira basi, n'kumaona pakhomo pakuyenda bwinobwino. Matumba ankabwera, ankayezedwa, ankakwezedwa. Pakavuta kanthu ankaitana a Bonifasiyo. Palibe anandifunsapo ngakhale za mtengo wa mchere. Ndipo mawu a a Sumaili anayamba kundilira m'mutu: ukazula waya injini osasintha, silinda imeneyo inafa kalekale. Ndinazulidwa zaka zoposa khumi ndi zitatu, ndipo pakhomo panali posatsokomola n'komwe. Lolemba lina pa chakudya ndinalengeza kuti Lachisanu ndikubwerera, a Sumaili andipatsa galaja. Tomasi anayang'ana mayi ake. Rozalina anali ataima pakhomo la khitchini akupukuta poto.

“Chabwino,” anatero. “Ndikukazingirani chimanga.”

Chinthu chimodzi chokha pakhomopo chinkandiyankhula, ndicho kapikapu kaja. M'mawa uliwonse Tomasi akakaliza, chitseko chakumbuyo chinkachita phokoso ngati malata pamphepo, ndipo chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwake. Ndinapirira masabata atatu osanena kanthu chifukwa sanandifunse. Lachitatu ndinalephera.

“Iwe Tomasi, galimotoyi yakhala ikuchita chonchi kuyambira liti?”

“Kalekale, Papa. Ku ofisina, kugalaja ya ku vila, anasintha mavela, mapulagi aja, kawiri. Akuti ndi gazolina, petulo wam'mabotoloyu, ngwakuda. Anakweza ralenti, panopa zachepako.”

“Anakweza ralenti! Ndipo iwe unawalipira?”

“Epa, Papa, ndi mamesitiri amenewo, amakaniko akuluakulu. Isiyeni, ikathamanga sizimveka.”

Ndinamuuza kuti atsegule boneti, akhale pachiwongolero, ndipo asatsike mpaka nditamuuza. Anachita monyinyirika. Felista anali atapita kuchigayo ndi mwana, ndiye pakhomo tinalipo atatu okha. Ndinatsitsa moto kufika pamalo pake, ndipo kapikapu kanayamba kugwedezeka konse. Ndinakulunga kansalu kudzanja n'kuzula waya woyamba. Injini inatsokomola. Wachiwiri, inatsokomola. Wachitatu, wachinayi, chimodzimodzi. Zonse zinayi zinali zamoyo. Ndinaika kapepala ku ekizozi, kanauluzika bwinobwino. Ndinayendetsa chikhatho pa timapaipi, panalibe pobera mpweya. Mtima unandiuza kuti ndi mphira, koma a Sumaili sankalola munthu kunena asanaone.

“Amake Tomasi!” ndinaitana. “Tandipatsaniko madzi m'kapu yachitsulo!”

Tomasi anatsegula chitseko msangamsanga. “Ndikatenga ndine, Papa.”

“Ndati khala pomwepo! Ukachotsa phazi pabuleki igubuduka ndi ine. Mayi ako alibe miyendo?”

Rozalina anabwera mofulumira ndi kapu, n'kufuna kuikhazika pamwamba pa tayala kuti abwerere. Ndinamuletsa. Ndinati igwa, aigwire kaye pang'ono ndipukute pamwamba pa injini pamene panali mafuta. Anayang'ana Tomasi, kenako anaima pambali panga, kapu ili m'dzanja lamanja. Ndinapukuta osafulumira, monga mwa chizolowezi changa. Nditamaliza ndinatembenuka kuti ndilandire, ndipo maso anga, ozolowera ntchito yawo, anayamba ayang'ana madzi.

Madzi ankachita mafunde. Rozalina sanatsamire galimoto, anali ataima payekha padothi, sitepe yathunthu kuchoka pa boneti. Koma madzi ankagunda m'mbali mwa kapu, ena n'kumatayikira pa zala zake. Chala chachikulu chinkagwedezeka chokha, dzanja lonse n'kumatsatira, mpaka pachigongono. Anayesa kuligwira ndi lamanzere. Silinamvere.

“Tomasi, zimitsa,” ndinatero.

Injini itazima pakhomo panangoti zii. Dzanja lija linapitiriza.

“Zayamba liti?”

Anayankha ndi Tomasi, ali m'galimoto momwemo, osandiyang'ana.

“Chaka chachitatu chino. Tinapita kuchipatala ku vila, tinapitanso kutsidya kwa Ruo. Akuti ndi matenda a mitsempha, satha, mankhwala amangochepetsa. Mama anatiletsa tonse kukuuzani, ngakhale atsibweni.” Kenako anatembenuka. “Papa, inu mumamva galimoto ili kutsidya kwa msewu. Mwakhala pakhomo pano masabata atatu.”

Mwana wanga sanandimenyepo, koma tsiku limenelo kukanakhala bwino akanandimenya. Zonse zinabwera pamodzi: lichero la tsiku lofika, kamera yowonongeka, nsalu ya kutchalitchi, mbale zotsukidwa kawiri. Ine ndinkawerenga zonsezo ngati chipongwe chochitira ine. Ndinali wotanganidwa kudzimvera chisoni moti sindinayang'ane manja a mkazi wanga ngakhale kamodzi.

Ndinalandira kapu ija n'kuiika pansi. Rozalina anakhala pa thumba la nandolo, koyamba kukhala pansi pamaso panga chibwerere. Anaika dzanja pamwendo n'kulisiya kuti lichite zimene likufuna.

“Ndikamagwira ntchito limasiya,” anatero. “Limayamba ndikakhala. Ndiye ndikanakhala nanu bwanji pakhonde?”

“Nanga osandiuza bwanji? Zaka zitatu, Rozalina!”

Anandiyankha m'Chilomwe, chimene amayankhula akafuna kuti mawu asaterereke, ndipo ndiwamasulira mmene ndingathere. “Munati zaka ziwiri. Ndinadikira, ndinalera, ndinamanga. Sindinakuitaneni ndi njala, sindinakuitaneni ndi maliro a mayi anga. Ndiye ndikuitaneni ndi dzanja? Mukanabwera chifukwa cha chisoni, n'kumandiyang'ana ngati galimoto yakufa. Ndimafuna ndione ngati mungakhale panokha. Lolemba munandiyankha.”

Munthu wamkulu, wa imvi, ndinaima pamenepo ndi kansalu kamafuta m'manja, misozi ikutsika, mwana wanga akuona. Ndinkadziyesa silinda yakufa chifukwa pakhomo sipanagwedezeke. Pamagwedezeka ndithu, zaka zonsezo, koma panali wina amene ankameza zonse kuti ine ndisamve ku Joni.

Kapikapu kaja tinakabwerera madzulo omwewo, chifukwa matumba sakanadikira. Tinakweza injini pang'ono ndi jeki, ndipo mauntini akumanzere anali atang'ambika pakati, chitsulo chikugunda chitsulo chinzake. Tomasi anawoloka pa Muloza m'mawa mwake n'kukapeza ena. Tinamanga tonse awiri, iye pansi, ine pamwamba. Titaliza ndinamuonetsa za kapu, pa injini ndi m'kati, ndipo madzi a m'kati anakhala bata. Sananene kuti zikomo. Anangofunsa kuti, “Ndiye mavela aja anali abwinobwino?” Ndinati anali abwinobwino. Anatukwana mamesitiri a ku vila, ndipo ndinamuthandiza.

Lachisanu chimanga chinali chitakazingidwa kale, chili m'kathumba pafupi ndi chikwama changa. Rozalina ndi wotero, akanena chinthu amachita. Ndinatenga kathumbako n'kukakhala nako pansi pa mango, ndipo ndinayamba kukukuta. Wa njinga yamoto amene ndinapangana naye anafika, kuliza belu, ine n'kumuuza kuti apite. Rozalina anaima pakhomo la khitchini.

“Mukudya kamba wa paulendo?”

“Ndafika kale,” ndinatero.

“Ngati n'chisoni, nyamukani. Njinga sinapite patali.”

“Si chisoni. Ndi manyazi. Chisoni chimatha msanga.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati mano anga atha ndikapitiriza kukukuta choncho, n'kulowa m'nyumba.

A Sumaili sindikanawaimbira, sakanamva. Ndinalemba uthenga kwa mwana wa mlongo wawo kuti awawerengere, kuti galaja aipereke kwa mnyamata wa ku Thyolo uja wothyoka nthiti, amene anali atayamba kutithandiza. Ndinamva kuti a Sumaili anagwedeza mutu n'kufuula kuti bokosi la zipangizo likhale la mnyamatayo, koma kapu ayi. Inandipeza patapita miyezi, itakulungidwa m'nyuzipepala, kudzera mwa dalaivala wa basi mpaka ku Limbe. Iwo anamwalira kwawo ku Mangochi mvula yotsatira.

Panopa ndili ndi kamthunzi kanga pamsewu wopita ku vila, mitengo inayi ndi malata. Amabwera a machapa, a mapikapu, ngakhale a njinga zamoto. Ntchito si yambiri, ndipo ndimatseka dzuwa likadali pamwamba. Dzanja la Rozalina silinachire. Chaka chino layamba ndi lamanzere, ndipo mabatani a bulauzi ndimamanga ndine. Mankhwala ndimakatenga ndine, ndipo tsiku lake sindiliiwala. Pali masiku amene amakwiya n'kundiuza kuti ndinachedwa, ndipo sinditsutsa chifukwa n'zoona.

Koma amakhala pansi tsopano. Masana ndikabwerako timakhala pakhonde, iye pampando, ine pa chitsa. Dzanja limayamba zake pamwendo pake, ndipo ine ndimaika langa pamwamba, mmene a Sumaili ankaikira pa boneti. Palibe choti ndimasule, palibe choti ndikagule ku Muloza. Ndimangoligwira, n'kumalimva likugunda m'chikhatho changa. Iye amandisiya kanthawi, kenako amandiyang'ana cham'mbali.

“Nanga mesitiri, mwapeza chiyani?”

Ndimamuuza kuti asandifulumizitse, ndikadali kumvetsera.